Chingwe Chochokera M'chipinda cha Apongozi

Lachiwiri pa 6 Febuluwale 2024, amisiri awiri a kampani ya intaneti anakhomera rauta, bokosi lobweretsa intaneti, pakhoma la chipinda changa chogona, pano pa Iyunga mu Mbeya. Anafika 9:40 m'mawa, nachoka 11:15. Nthawi ndimazisunga chifukwa ndinagwira ntchito ku njanji zaka 31, ndikulemba ola limene sitima yalowa ndi limene yatuluka. Ine ndinapuma, koma chizolowezicho sichinapume.

Anasankha chipinda changa chifukwa ndicho chili pafupi ndi polo la mumsewu. Anandifunsa, ndinavomera. Panyumba ndinali ndekha. Mkazi wanga Tusekile anali kumsika, mpongozi wathu Subilaga anali kuntchito, ndipo mwana wathu Gwamaka, amene anaitanitsa amisiriwo, anali ndi lole yake pamzere wa kumalire ku Kasumbalesa. Asanachoke, wamkulu wa amisiriwo anandionetsa kachingwe kowonda kachikasu kolowa m'bokosilo. Anati mkati mwake muli galasi, kakapindika kathyoka, choncho bokosilo lisasunthidwe.

Intanetiyo kwenikweni inali ya Subilaga. Iye amayeza magazi kuchipatala, ndipo kwa zaka ziwiri wakhala akuphunzira digiri yachiwiri ndi yunivesite ina ya ku Dar es Salaam, ali konkuno. Chinatsala chinali chimodzi: kuyankha mafunso a aphunzitsi atatu pa kafukufuku wake, akuonana nawo pakompyuta, Lachisanu pa 16 Febuluwale nthawi ya 10 koloko m'mawa. Kalata yawo ndinaiwerenga. Inati akhale yekha m'chipinda chotseka, ndipo kulumikizana kukaduka kupitirira mphindi zisanu, mayesowo aimitsidwa mpaka Novembala. Kuntchito kwake malo a mkulu wa labu anali kumudikira, koma mpaka pa 30 Epulo basi. Netiweki ya foni kwathu kuno, kunsi kwa phiri, imabwera ndi kupita, sakanaidalira.

Subilaga ndi Gwamaka amakhala m'nyumba yakuseri, mamita 23 kuchokera pazenera langa. Ndinayeza ndi tepi. Madzulo a tsiku lomwelo anatsegula kompyuta yake kumeneko, sanapeze kanthu. Atabwera pakhonde la khitchini yathu anapeza timizere tiwiri tokha ta intaneti.

Chikwatiwire mu 2019, Subilaga sanalowepo m'chipinda chimene ndimagona, sanatchulepo dzina langa, ndipo sitinayang'anizanepo maso. Tikakumana panjira ya kumpopi iye amapatuka, ine ndimayang'ana kumapiri. Akafuna kundiuza kanthu amauza apongozi ake aakazi, ine ndili pomwepo, iwo n'kundibwerezera. Mabanja ambiri m'tauni muno anazisiya zimenezi. Ife sitinasiye, ndipo woumirira kwambiri si ine. Ndi iyeyo, amene anakulira kumudzi ku Masoko.

Lachinayi pa 8 tinayesa njira yapafupi. Ine ndinapita kukakhala kwa aneba, iye anakhala pabalaza pathu n'kuimbira mnzake wa m'kalasi. Pa mphindi makumi awiri intaneti inaduka katatu.

Loweruka pa 10 anapita kumasitolo a ku Mwanjelwa, nabwera ndi rauta yachiwiri ndi chingwe chotuwa cha mamita 30. Mutu umodzi wa chingwecho unayenera kulowa m'bokosi la m'chipinda changa, winawo mu rauta yatsopano kuseri. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinaboola felemu la zenera. Bowolo linachepa pang'ono, choncho mutuwo ndinachita kuukoka mwamphamvu kuti udutse. Kenaka ndinayendetsa chingwecho pamwamba pa mpanda, ndikumanga ndi waya pa mita iliyonse.

Zotsalazo zinafuna munthu wodziwa. Tinaima chonchi: ine pabokosi, Tusekile pazenera, Subilaga panja, atafulatira khoma.

"Amayi, muwauze abambo alowetse mutu wa chingwe pabowo loyamba."

"Bambo a Gwamaka, akuti mulowetse pabowo loyamba."

"Ndamva, Mayi a Gwamaka. Waima mamita awiri kuchokera pamene ndili."

"Mwamva kwa ine kapena kwa iye?"

"Kwa inu."

"Ndiye lowetsani."

Ndinalowetsa.

"Amayi, muwafunse ngati kayaka kanyali."

"Akufunsa ngati kayaka."

"Tayaka tinayi."

"Akuti tinayi. Tinali kuyaka ndi kale, mwanawe, usawatamande."

"Kakhale kachisanu, amayi. Kobiriwira, kophethira."

Ndinakankha mutuwo ndi chala, kachisanu kanayaka. Subilaga anathamangira kuseri. Ine ndinasiya chingwe n'kukayang'ana pazenera. Patapita mphindi zitatu anabwerera akuyenda pang'onopang'ono. Kulibe kanthu.

Tinachita zimenezi Lamulungu, Lolemba ndi Lachiwiri madzulo, iye akaweruka kuntchito. Ndinawerenga maulendo khumi ndi anayi. Tinayesa mabowo onse anayi, tinazimitsa ndi kuyatsa, tinatembenuza chingwe. Nthawi zina intaneti inkafika kuseri kwa kanthawi kochepa n'kuzimiririka, ndipo zimenezi zinkatisokoneza kuposa pamene sinkafika n'komwe. Tusekile anati ajambule bokosilo ndi foni. Subilaga anavomera, koma anapempha kuti chithunzicho chikhale cha bokosi lokha, bedi lisaoneke. Tusekile anayandikitsa foni kwambiri moti zinatuluka zithunzi zisanu ndi chimodzi za chinthu choyera chosadziwika, ndi chimodzi cha chala chake.

Lolemba pa 12 ndinali nditaimbira kale kukampani. Anandiyankha mwaulemu kuti ntchito yawo imathera pabokosi, ndipo mmisiri wawo apezeka pa 21. Amene anagulitsa chingwe ku Mwanjelwa anatipatsa nambala ya mmisiri wina. Uyo anati abwera Lachitatu. Lachitatu anati abwera Lachinayi m'mawa. Lachinayi pa 15, nthawi ili 13:05, anatumiza uthenga woti ali kumaliro ku Kyela.

Subilaga anali atapempha tchuthi tsiku limenelo kuti awerenge. Tusekile anamupititsira uthengawo kukhitchini. Ine ndinali pakhonde, ndinamva zonse.

"Palibe kanthu, amayi. Ndidikira Novembala."

"Nanga za kuntchito zija?"

"Apatsa wina. Alipo anthu."

Mawu ake sananjenjemere. Anamaliza kusenda nthochi za chakudya chamasana, natsuka mpeni, napita kuseri. Tusekile atamutsatira anamupeza akubweza mapepala ake m'katoni.

Gwamaka anaimba 13:30. Mzere wa kumalire unali usanasunthe.

"Abambo, ingomulolani alowe. Muno ndi mu 2024."

"Chaka ndikuchidziwa. Ine sindinamuletse."

"Ndiye vuto lili pati?"

"Umufunse mkazi wako."

"Ndamufunsa. Akuti ndikamabwera ndibwere ndi nzeru, ndisabwere ndi lole yokha."

Nditadula foni ndinakalowa kuchipinda ndi kukhala pabedi, ndikuyang'ana bokosilo. Linali pakhoma, mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, ndipo silikanasuntha. Ndinaitana Tusekile.

"Mayi a Gwamaka, ndikufunseni. Chimene mwanayu salowa n'chiyani kwenikweni? Makoma anayi awa?"

"Mukufunsa ngati mlendo. Salowa mmene apongozi ake amagona."

"Mu Ogasiti 2021 tinapenta nyumba. Ndinagona pabalaza masiku anayi. Analowa pabalaza?"

"Sanalowe."

"Nditabwerera kuno?"

"Analowa. Ndiye anakolopa penti yense uja munadonthetsa."

"Ndiye kuti nkhani ndi bedi."



"Mwayamba zauloya wanu."

"Ndikufunsa ngati ndalakwitsa."

"Simunalakwitse. Koma si bedi lokha. Zovala, nsapato, sutikesi, ndi chithunzi chanu cha yunifomu chija chimayang'ana munthu paliponse waima. Ndiponso chipinda sichisiya kukhala chanu chifukwa mwatulutsa katundu. Muyambe mwagona kwina."

"Ndikagona kwina usiku uno, alowa mawa m'mawa. Chikakanika sipakhala nthawi yochitira china."

"Si ine ndinapanga mwambo."

"Mwambowo umati kugona kwake kukhale kwa usiku?"

Anaganiza. Mkazi wanga ndi munthu wachilungamo, ngakhale pamene chilungamocho chikumuvutitsa.

"Sindinamvepo atatchula nthawi," anatero. "Koma mugonedi. Zotsinzina maso n'kumamvetsera ine ayi. Ndikhala pomwepo."

Tinayamba 14:10. Bedilo ndi la mlombwa, ndinalikhometsa mu 1988, ndipo silituluka pakhomo osalimasula. Mabawuti awiri anali atachita dzimbiri. Ndinawathira mafuta a makina osokera, limodzi linamasuka, linalo ndinachita kulidula ndi sowo. Ine ndili ndi zaka 69, Tusekile 64. Tinanyamula thabwa limodzilimodzi kupita kukachipinda kosungira katundu, kumene kuli matumba a mpunga, njinga yanga ndi mbaula. Matiresi anatigwetsa pakhomo. Tusekile anakhala pansi pomwepo n'kuseka mpaka misozi.

"Zaka 41 za ukwati, mwandisamutsira kumpunga."

"Ndi kwa kanthawi."

"Munatero pomwe tinkabwera ku Iyunga."

Pofika 15:20 chipinda chinali chopanda kanthu, kupatula bokosi pakhoma. Tusekile anasesa, natsegula mazenera onse. Ine ndinavula nsapato n'kugona pamatiresi pakati pa matumba. Iye anakhala pachitini pakhomo, akusankha nyemba.

Sindinagonepo masana chipumire ntchito. Ndinatseka maso, ndinayamba kuwerenga maola otsala. Anali khumi ndi asanu ndi atatu ndi mphindi makumi anayi. Ndinatembenukira kukhoma. Ndinamva nyemba zikugwera m'mbale imodziimodzi.

"Simunagone."

"Ndinatsala pang'ono. Mwandidzutsa."

"Mukagona phazi lamanzere limasiya kugwedezeka. Likugwedezeka."

Ndinaligwira phazilo ndi linzake. Ndinayamba kutchula mumtima masiteshoni kuchokera ku Mbeya kupita ku Dar, monga mwa dongosolo lake. Ndikukumbuka kuti ndinafika pa Makambako. Tusekile akuti ndinagona kuyambira 15:50 mpaka 16:25, pamene anandigwedeza. Nthawi zimenezi ndi zake, si zanga, koma ndazilandira.

Tusekile anapita kuseri yekha. Zimene analankhulana anandiuza pambuyo pake. Subilaga anamvetsera mpaka kumapeto osadula mawu, kenaka anafunsa.

"Atulutsa bedi chifukwa cha ine?"

"Atulutsa ndi ine ndemwe."

"Anagonadi, amayi?"

"Mkonono wawo ngati sitima ya katundu. Sunamve?"

"Ndinamva. Ndimayesa ndi chigayo cha kwa aneba."

Subilaga analowa 16:40, atavula nsapato pakhomo la nyumba. Ine ndinakaima panja pansi pa mpeyala, nditafulatira zenera, pamalo pomwe iye anaima masiku atatu aja. Ndinamva mapazi ake akuima pakati pa chipinda. Kenaka ndinamva mawu ake.

"Amayi, kansalu aka n'kokongola."

"Ndinaluka ndekha. Fumbi la mumsewu limalowa pazenerapo."

"Kakongola zedi. Nanga tinyanga take iti munatipinda?"

"Kansalu sikamakhala bwino titaimirira."

"Tagwirani apa, amayi."

"Ii, chikutentha."

"Chimafuna mpweya. Kansaluka tikaike pa wailesi, kakaoneka bwino kumeneko."

Kansaluko, kovundikira bokosilo, ndinali kukaona tsiku lililonse kuyambira pa 7. Pogwira ntchito ndinkangokakweza kumunsi, n'kukabwezera. M'nyumba mwathu wailesi, kanema, filiji ndi makina osokera zonse zili ndi tinsalu take, choncho sindinakawerengere ngati chinthu choti n'kuuza munthu. Kameneko ndiko kankachititsa kuti intaneti iziduka pabalaza.

Chachiwiri anachipeza atangogwira chingwe.

"Amayi, mutu uwu ulibe kachitsekerero kake. Umalowa, koma ukausiya umabwerera pang'ono. Muwauze abambo kuti mwina chinabwera chothyoka kale kuchokera kusitolo."

Tusekile anasuzumira pazenera.

"Bambo a Gwamaka, akuti chinabwera chothyoka kale."

"Mumuuze kuti ndinathyola ndine, Lamulungu, pomwe ndinkachikoka pabowo. Kapulasitiki kake ndinakaona pansi, ndinakataya."

"Akuti anathyola ndi iwowo."

"Muwauze kuti chingwecho anachimanga bwino pampanda. Sichinagwe paliponse."

Anapempha kamtengo ka machesi ndi tepi yomatira. Anathyola kumutu kwa kamtengoko, nakalowetsa pamwamba pa mutu wa chingwe kuti ugwire, namata. Anaimika tinyanga tija. Anatuluka 16:47. Zimene zinatikanika masiku asanu zinamutengera mphindi zisanu ndi ziwiri.

Kuyambira 17:05 mpaka 19:05 analankhula ndi mnzake wa m'kalasi uja pakompyuta, ali m'nyumba yake kuseri, chitseko chili chotseka. Sinaduke. Tusekile anamupititsira tiyi n'kubwera kudzandiuza kuti mapepala atulukanso m'katoni. Madzulo amenewo tinadya nthochi zija ndi nyama, ndipo ndinapempha mbale yachiwiri, chinthu chimene sindinachite sabata yonseyo.

Lachisanu ndinatenga mpando ndi kabuku kanga, ndinakakhala m'chipinda chopanda kanthucho 9:30, moyang'anana ndi bokosi. Sindikanatha kukonza chilichonse, koma ndikanatha kukankha kamtengo ka machesi.

"Musagone pampandopo," anatero Tusekile. "Mukangosinza, chakhalanso chipinda chanu, ndipo chikavuta salowa."

"Sindigona pantchito."

"Dzulo munagona ndi Makambako m'kamwa."

Anandibweretsera tiyi wopanda mkaka, wowawa, nakakhala pakhonde la kuseri kuti athamangitse nkhuku ndi aliyense wobwera kudzacheza.

Ndinalemba mphindi khumi zilizonse. 10:00, tinyali tisanu. 10:10, tisanu. Tsamba lonselo likunena zofanana. Pa 11:08 kunayamba mvula ya mphepo yochokera kumapiri. Ndinaima pazenera ndikuona chingwe chikugwedezeka pampanda, ndipo nthambi ya mpeyala inkachikhudza ikaweramira. Ndinaika chala pa tepi yomatira ija, ndinachisiya pomwepo mphindi makumi awiri ndi ziwiri, mpaka mphepo inaleka. Sindikudziwa ngati chalacho chinathandiza. Kanyali kachisanu sikanasiye kuphethira.

Chitseko cha kuseri chinatseguka 11:52. Ndinamva Tusekile akufunsa, ndinamva yankho, kenaka ndinamva awiriwo akubwera mpaka pazenera. Ndinatembenuza mpando kuti ndiyang'ane kukhoma.

"Amayi, muwauze abambo kuti sinaduke ngakhale kamodzi."

"Akuti sinaduke."

"Ndalemba choncho. Mumufunse za mafunso."

"Akufunsa za mafunso."

"Anali khumi ndi limodzi. Limodzi lokha ndilo linandivuta. Akuti ndikonze masamba anayi, ndipo zotsatira zibwera m'kalata pasanathe masabata asanu ndi limodzi. Mmodzi wa iwo anamwetulira pomaliza, amayi. Mayi uja amene samwetulira."

"Mwamva zonse, Bambo a Gwamaka? Pakamwa pandiuma."

"Bwerezani za kumwetulirazo."

Anabwereza. Ndinatseka kabuku. Ndinamwa tiyi wotsalayo atazizira kale.

Gwamaka anafika pa 19. Anaima pakhomo la chipinda chopanda kanthu, napita kukaona bedi pakati pa matumba a mpunga, nabwerera. Pambuyo pake anafunsa amayi ake ngati ili linali ganizo la ine ndekha. Iwo anati theka.

Mmisiri wa kukampani anabwera pa 21 monga analonjezera. Anadula mutu wothyoka uja n'kuika watsopano, ntchito ya mphindi zinayi. Kamtengo ka machesi anakayang'ana mbali zonse, nati amene anaika amadziwa chimene amachita. Za kusamutsa bokosi kupita pabalaza anati zitheka, koma pafunika kachingwe kagalasi kena kuchokera papolo, ndipo tsiku sanatchule.

Bedi likadali kumpunga. Subilaga anafunika kulowa m'chipindamo kawiri chichokere tsiku lija, pa 2 ndi pa 14 Malichi, pamene bokosi linafuna kukonzedwa zina za mkati, ndipo ulendo wachiwiriwo anali kutumiza masamba anayi aja. Ndinaona kuti si nzeru kubwerera kalata isanafike, poti angamufunenso pakompyuta. Tusekile akuti kumpunga n'kofunda kuposa kuchipinda, koma amanena zimenezi pokhapokha akaganiza kuti sindikumva.

Masabata asanu ndi limodzi akwana mawa lino likadutsa, Lachisanu pa 29. Kuntchito kwake amufunsa kawiri. Lero ndi Lachitatu pa 27 Malichi, ndipo pofika 17:00 kalatayo inali isanafike.